M'bale wanu akamangidwa ndi apolisi, chitani izi musanayambe kusaka ndalama

Nkhani yomangidwa imatipeza tonse, kaya ndi mwana wanu, mlamu wanu, kaya mnyamata amene amakugulitsirani pa okala, tsiku lina foni imangolira kuti amutenga apolisi. Ndiye ambirife chimene timachita ndi kuthamangira ndalama, wina agulitse mbuzi, wina akatenge katapila, wina aimbire achimwene a ku Joni kuti atumize msanga pa Mukuru, chonsecho chimene chimafunika kwenikweni nthawi imeneyo ndi kudziwa timalamulo tingapo chabe, kope ndi bolopeni, komanso kusatopa kupita kupolisiko. Zimene mungachite masiku awiri oyambirirawo ndi zimene zimapangitsa kuti munthu abwerere kunyumba msanga kapena akaiwalike pa rimandi ku Maula, ku Chichiri kaya ku Mzuzu.

Tiyambe tamvana kaye za ntchito ya wapolisi. Apolisi timawafuna ndithu, mbava zikathyola nyumba usiku timaimba 997, mwana akasowa timathamangira komweko, ndipo alipo ambiri amene amagwira ntchito yawo mwachilungamo pamalipiro ochepa. Koma wapolisi si woweruza. Yake ndi kufufuza, kugwira woganiziridwa, kumusunga ali bwinobwino ndi kukamupereka kukhoti basi. Kunena kuti walakwa kapena ayi ndi za majisitireti kapena jaji, kusunga munthu akaweruzidwa ndi za a ndende. Nthawi ya chipani chimodzi zinthuzi zinali zosokonekera, munthu amatha kukhala ku Mikuyu zaka ndi zaka osaonana ndi khoti, nchifukwa chake malamulo aakulu a dziko a 1994 anaikamo dala gawo 42 lonena za ufulu wa munthu womangidwa. Gawo limeneli ndi limene mukhale nalo m'mutu mukamapita kupolisi.

Choyamba dziwani kumene ali. Zikumveka ngati zopepuka koma ayi, munthu amatha kugwidwa ndi a polisi yuniti ya pamsika, kugona pa polisi positi, mawa lake nkumusamutsira ku siteshoni yaikulu ya pa boma, ndiye inu mukamangomva zam'maluwa mutha tsiku lonse mukuzungulira. Funsani amene anaona kuti galimoto inalowera kuti, pitani pa polisi yapafupi ndi pamene anamugwirapo, akakuuzani kuti kulibe funsani kuti anthu ogwidwa dera limenelo amawapititsa kuti. Musapite nokha, mutengane awiri, ndipo mmodzi akhale munthu wosapsa mtima msanga. Tengani chitupa chanu cha unzika, chakudya, madzi akumwa, juzi kapena kabulangete, ndipo ngati munthuyo amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV, a BP, a shuga kapena a khunyu, tengani mankhwalawo pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Izi za mankhwala musazitenge mwachibwana, masiku angapo osamwa mankhwala amatha kuononga zimene munthu wasamala zaka zambiri.

Mukafika pa kauntala perekani moni mwaulemu, nenani dzina la m'bale wanu ndi ubale wanu, kenako funsani zinthu zitatu. "Bwana, m'bale wangayu amumangira mlandu wanji?" "Analembedwa m'buku la OB tsiku liti komanso nthawi yanji?" "Akufufuza nkhaniyi ndi bwana ndani?" Mayankho ake lembani pompo m'kope lanu iwo akuona, pamodzi ndi dzina la amene wakuyankhaniyo ngati likuoneka pa yunifolomu. Simukuchita mwano ayi, lamulo limati womangidwa auzidwe msanga chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ndipo nthawi imene yalembedwa m'buku la OB muja, mmene apolisi amalembamo zochitika pa siteshoni, ndi imene mudzawerengere maola 48 oti munthu afike kukhoti. Komanso wapolisi akaona kuti abale akulemba amadziwa kuti munthu uyu ali ndi omutsatira, ndipo zimasintha kachitidwe.

Munthu asanalowe m'chitokosi amamuvula lamba, zingwe za nsapato, pena nsapato zomwe, foni ndi ndalama amasiya pa kauntala. Zonsezo zimayenera kulembedwa, ndiye mukaonana naye mufunseni kuti anasiya chani ndi ndalama zingati, mulembenso inu. Chakudya mukabweretsa nthawi zambiri amakuuzani kuti mulawe kaye, mutsine nsima, mutape ndiwo, mumwepo madzi iwo akuyang'ana, musakhumudwe nazo, amaopa kuti wina angathire chiphe munthu nkufera m'manja mwawo. Ikani chakudyacho m'kontena ya pulasitiki, zagalasi ndi supuni zachitsulo zimabwezedwa. Kuonana naye ndi ufulu wake, gawo 42 lomwe lija limatchula mkazi kapena mwamuna wake, abale, loya, m'busa kapena shehe wake komanso dokotala. Pamakhala nthawi zake zoonera anthu ndipo zilemekezeni, koma wina akakukanizani kotheratu, pemphani modekha kuti muonane ndi a Station Officer kapena bwana OC, mkulu wa siteshoniyo.

Tsono pano ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa milandu yambiri imaonongekera pomwepa. Mukangomuona m'bale wanuyo, musataye mphindi zochepazo ndi kumukalipira kuti tinkakuuza ife, zimenezo mukakambirana kunyumba. Muuzeni kuti ali ndi ufulu wokhala chete, anene dzina lake, kumene amakhala, mudzi ndi mfumu yake, koma za mlanduwo sakukakamizidwa kuyankha, atha kunena kuti ndikayankhula kukhoti kapena ndiyankhula loya akabwera. Akasankha kupereka sitetimenti, asasaine kapena kudinda chala papepala limene sanawerenge kapena kuwerengeredwa bwinobwino m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kaya chilankhulo chimene iye amamva, ndipo pakakhala mawu amene sananene akane kuti apa sindinatero. Papepala lopanda kanthu ndiye asayerekeze nkomwe.

Chifukwa chake ndi ichi. Lamulo lathu la kayendetsedwe ka milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, pa gawo 176 limalola kuti sitetimenti yovomera mlandu iperekedwe kukhoti ngati umboni ngakhale mwini wake akunena kuti anachita kumukakamiza, kenako khoti ndi limene limaunika ngati ananenadi komanso ngati zili mmenemo ndi zoona. Ndiye mukuona, pepala lija likasainidwa silifufutika, lidzawerengedwa pamaso pa woweruza, ndipo munthu adzakhala ndi chintchito chofotokoza kuti anasaina chifukwa cha mantha. Ine lamulo limeneli sindigwirizana nalo ngakhale pang'ono, limapatsa mpata wapolisi waulesi kuti m'malo mofufuza angofinya munthu mpaka avomere, koma poti lilipo, tiyenera kuchenjera nalo.

Muyang'anitsitseni thupi. Akuyenda bwino? Nkhope yatupa? M'manja mmene munadutsa unyolo muli mabala? Mufunseni mwakachetechete ngati amumenya. Kumenya kapena kuzunza womangidwa ndi koletsedwa pa gawo 19 la malamulo aakulu a dziko, zilibe kanthu kuti akumuganizira mlandu woopsa bwanji. Ngati wavulala pemphani kwa OC kuti apite naye kuchipatala, ndipo a chipatala alembe m'buku mwake zimene aona, inu lembani tsiku, nthawi, ndi mayina amene iye watchula. Tsiku loyamba kukhoti akauze woweruza yekha ndi kuonetsa mabalawo asanapole. Tonse tikukumbuka Buleya Lule amene anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019 akumuganizira pa nkhani ya kusowa kwa mnyamata wachialubino, bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC litafufuza linapeza kuti anazunzidwa, ndipo apolisi ena anadzayankha mlandu wakupha kukhoti lalikulu. Munthu uja anafa asanaweruzidwe, ndipo zimene ankadziwa pa nkhani ya mwana uja, ngati ankadziwa kanthu, zinapita naye. Nkhanza za m'chitokosi sizithandiza ngakhale wodandaula amene.

Kenako nkhani ya belo. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndibwerezenso, ndi yaulere, apolisi eni ake amalengeza pawailesi ndipo m'masiteshoni ena zinalembedwa pakhoma. Pa milandu ing'onoing'ono monga ndewu yosavulazana kwambiri, kuba tinthu tating'ono, kutukwanizana, apolisi ali ndi mphamvu yotulutsa munthu kuti azidikira tsiku la khoti ali kunyumba. Pitani kwa wofufuza uja, ngati sizikuyenda pitani kwa OC, nenani kuti tabwera kudzapempha belo. Chimene amafuna kutsimikiza ndi chakuti munthuyo sathawa, ndiye bwerani ndi anthu omuimira, akuluakulu odziwika pokhala, okhala ndi zitupa zawo, kalata ya amfumu kapena ya kuntchito ikakhalapo imathandizanso. Akatuluka amapatsidwa pepala lonena tsiku lokaonekera kupolisi kapena kukhoti, pepala limenelo lijambuleni pafoni ndipo lisungeni ngati chitupa.

Ndikudziwa zimene zimachitika, wina amakukokerani kuseri kwa ofesi nkunena kuti mayi, apa tingothandizana, muganizireko za mafuta a galimoto. Mtima uli m'mwamba, mwana ali mkati, kukana kumavuta. Koma taganizani bwino, ndalama yoperekera kuseri ilibe risiti, siitseka fayilo, mawa wapolisi uja akasamutsidwa wobwera m'malo mwake atha kudzamutenganso m'bale wanu pa mlandu womwewo, ndipo inu amene mwapereka mwapalamulanso mlandu wa ziphuphu. Yankho losayambanitsa ndi kungofunsa kuti bwana, ndalama imeneyi mundipatsa risiti ya boma? Ndalama iliyonse yolowa m'thumba la boma imakhala ndi risiti ya boma yotchedwa GR, ngati palibe risiti ndiye kuti ikulowa m'thumba la munthu. Inu a ku Joni, a ku UK ndi kwina amene mumaimbiridwa kuti tumizani ya belo, funsani kaye kuti belo yake ndi ya kupolisi kapena ya kukhoti, chifukwa pena amene akudya ndalamayo ndi wachibale yemwe.

Pali zinthu zina zimene zinazolowereka koma sizili m'malamulo. Kumanga mkazi chifukwa mwamuna wake wathawa, kapena kutsekera mayi kuti mwana wawo adzipereke yekha, palibe lamulo lotero, mlandu ndi wa amene wapalamula. Ngongole wamba yobwerekana, lendi ya nyumba, ndalama za banki mkhonde zimene munthu wachedwa kubweza, imeneyo ndi nkhani yokasumirana kukhoti, osati yogonera m'chitokosi, pokhapokha ngati pali umboni woti panali chinyengo kuyambira pachiyambi. Za vakabu nazo, Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre, anagwidwa mu March 2015 m'bandakucha akupita ku Limbe kukachita geni yake, iye sanangovomera kuti zithe, anatengera nkhaniyo kukhoti lalikulu ndipo mu January 2017 khoti linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene ankamangira anthu pongowaganizira chifukwa apezeka pamalo nthawi ina yake, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2022 khoti lalikulu ku Zomba linanenanso kuti kusesa anthu mwachisawawa usiku, kungonyamula aliyense wopezeka pabala kaya pamsewu osamuuza mlandu wake, ndi kosaloledwa. Ndiye m'bale wanu akagwidwa pa chisesa chotere funsani kuti kwenikweni iyeyu payekha wachita chani.

Belo ya kupolisi ikakanika, yambani kuwerenga maola. Lamulo likuti munthu afike pamaso pa khoti pasanathe maola 48 chimumangireni, ndipo ngati maolawo athera nthawi imene khoti silikugwira ntchito, apite tsiku loyamba limene khoti latsegula, apo ayi amasulidwe. Wamangidwa Lolemba 10 koloko m'mawa, pofika Lachitatu 10 koloko akhale ataonekera. Wamangidwa Lachinayi madzulo, maola ake akuthera Loweruka, ndiye kuti Lolemba m'mawa. Nchifukwa chake kumangidwa chakumapeto kwa sabata kumawawa, ndipo ngati ndi Lachisanu limbikirani za belo tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Mawu oti tikufufuzabe, wofufuza wapita kumaliro, galimoto ilibe mafuta, sasintha lamuloli, ngati akufuna kumusungabe akapemphe kukhoti.

Maola akadutsa musangokhala manja lende. Kumbutsani OC mwaulemu mukuonetsa zimene munalemba m'kope muja, zikakanika pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma imene inayamba ntchito mu 2015 kuti izithandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ili ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu komanso m'maboma ena. Kulinso maparaligo, anthu othandiza pa nkhani za malamulo, a bungwe la PASI amene anayamba kuyendera ndende m'chaka cha 2000 ndipo amafikanso m'makhoti ndi m'mapolisi, ndi a bungwe la CHREAA ku Blantyre, awa sangakuimireni kukhoti ngati loya koma njira zonse amazidziwa, amadziwa khomo loti agogode, ndipo salipiritsa. Loya atha kukapempha khoti kuti lilamule apolisi kubweretsa munthuyo kapena kumumasula.

Tsiku la khoti fikani m'mamawa, omuimira pa belo abwere ndi zitupa zawo. Ku khoti la majisitireti woimira boma pa mlandu nthawi zambiri amakhala wapolisi, ndiye musadabwe. M'bale wanu adzamuimika m'kabokosi, kalaliki kapena womasulira adzawerenga mlandu nkumufunsa kuti wamva, ndipo ukuvomera kapena ukukana. Zimatenga kanthawi kochepa kwambiri, munthu wagona masiku awiri pasimenti, ali ndi njala, akuona woweruza koyamba m'moyo wake, ndipo mwina wina wamunong'oneza m'galimoto kuti ungovomera utuluka lero lomwe. Anthu ambiri alowa ndende ndi mawu amenewa. Muuzeni nthawi isanakwane kuti ngati sanamvetse anene kuti sindinamve, abwereze, ndipo ngati sanachite akane basi, kukana si mwano kwa woweruza, ndi udindo wa boma kubweretsa umboni. Ngakhale atavomera, woimira boma amafotokoza mmene zinachitikira ndipo amafunsidwanso ngati zili zoona, pamenepo ngati awonjezera zina, monga kuti anali ndi chikwanje pamene analibe, anene.

Nanga ngati anachitadi? Apa sindikuuzani kuti aname. Kuvomera msanga khoti limakuwerengera ndipo chilango chimatsikako, ndiye akapatsidwa mpata wodandaula asangoti ndilibe mawu, anene ngati ndi koyamba kupalamula, zaka zake, ana amene amadalira iye, matenda ake, komanso ngati katundu anabwezedwa kwa mwini wake. Pa milandu yaing'ono khoti litha kupereka chindapusa, chilango choimikidwa kaye, kapena kukagwira ntchito zothandiza anthu pa sukulu kaya pachipatala akugona kunyumba. Wolakwiridwa nayenso ndi munthu, kubweza chimene chinabedwa ndi kupepesa kudzera kwa akuluakulu ndi chinthu chabwino, ndipo pa timilandu tating'ono khoti limalola kuyanjana. Koma kupita kukaopseza wodandaula kapena mboni, kapena kukawapatsa ndalama kuti asabwere kukhoti, kumeneko ndi kupalamula mlandu wina ndipo belo imalandidwa. Nkhani yogwiririra, makamaka mwana, ndiye musayese nkomwe kuithera kwa amfumu ndi mbuzi kaya ndalama, ngakhale wopalamulayo ndi m'bale wanu wa bere limodzi.

Akakana mlandu, apemphe belo pompo, yekha ngati alibe loya, "bwana woweruza, ndikupempha belo, ndimakhala pamalo akutiakuti, ondiimira ali panjapa." Lamulo likuti munthu atulutsidwe pokhapokha chilungamo chikafuna kuti asungidwe, ndiye ndi mbali ya boma imene iyenera kupereka zifukwa zomukanizira, monga kuti athawa, asokoneza mboni kapena moyo wake ukhala pachiswe akatuluka. Belo ya kukhoti ndi imene pena imafuna ndalama, mumalipira ku ofesi ya khoti, mumalandira risiti, ndipo mlandu ukatha iye atatsatira zonse ndalamayo mumakaitenganso, ndiye risiti musataye. Pena omuimira amangosainira ndalama osapereka, koma dziwani kuti akathawa khoti lidzazifuna kwa inu, musaimire munthu amene mukumukayikira. Milandu ikuluikulu monga yakupha ndi youkira boma belo yake imapemphedwa ku khoti lalikulu, pamenepo loya ndi wofunika ndithu, pitani ku Legal Aid msanga.

Belo ikakanidwa amapita ku rimandi, ndipo kuno ndi kumene anthu amaiwalika. Abale amabwera sabata yoyamba, yachiwiri, kenako thiransipoti yavuta, kumunda kwachuluka ntchito, basi munthu amangokhala, fayilo yake ili pansi pa mafayilo ena. Chonsecho kuyambira 2010 lamulo linaika malire, mlandu wozengedwa ku khoti la majisitireti munthu asadikire kuyamba kwa mlandu ali m'ndende kupitirira masiku 30, milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra, kuba moopseza ndi kuukira boma malire ake ndi masiku 90, boma likafuna kuwonjezera liyenera kukapempha kukhoti ndipo zowonjezerazo nazo zili ndi polekezera. Masikuwa akadutsa mlandu usanayambe muli ndi chifukwa champhamvu chokapemphanso belo. Koma palibe amene adzakuwerengereni masikuwa, muwerenge nokha. Tengani nambala ya mlandu kwa kalaliki wa khoti, lembani tsiku lililonse limene mlandu waimitsidwa ndi chifukwa chake, ndipo tsiku la khoti likafika iye osabweretsedwa, pitani kwa kalaliki ndi kwa woimira boma mukafunse tsiku lina, musabwerere kunyumba opanda deti.

Kumuyendera musasiye. Ndende zathu ndi zodzaza kwambiri, ndende ya Zomba inamangidwa mu 1935 ndipo ikugwirabe ntchito, m'maselo ena anthu amagona chokhala atatsamirana, chakudya nthawi zambiri ndi kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, TB ndi mphere sizisowa. Mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano khoti linanena kuti kudzaza kotereku ndi nkhanza ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse ndi theka, koma mpaka lero vutoli likadalipo. Ndiye sopo, shuga, kaufa, chigumu, kabulangete, zimene kwa inu ndi zazing'ono, mkatimo ndi zazikulu. Muuzeninso kuti maparaligo akabwera kundendeko alembetse dzina lake, ndipo pena majisitireti amapita kukakhala kundende konko kuunika za anthu okhalitsa pa rimandi, mwayi umenewo usamuphonye.

Ngati womangidwayo ndi mwana, nenani msanga ndipo bweretsani umboni wa zaka zake, kaya ndi chiphaso chobadwira, buku la sikelo, kalata ya ubatizo kapena ya kusukulu, chifukwa anyamata athupi lalikulu amangolembedwa 19 nkuponyedwa kwa akuluakulu. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, ndipo wosafika zaka 10 sangazengedwe mlandu konse. Lamulo la 2010 la chisamaliro ndi chitetezo cha ana limati kholo lidziwitsidwe, mwana asasakanizidwe ndi akuluakulu m'chitokosi, pomufunsa mafunso pakhale kholo kapena womuyang'anira, a zachisamaliro cha anthu a pa boma adziwe, ndipo pa zolakwa zing'onozing'ono nkhani itha kuthetsedwa osadutsa m'khoti, mwana nkulangizidwa kapena kubweza chimene anaononga. Zikakula pali makhoti a ana komanso malo osinthira khalidwe monga Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba.

Akapezeka wolakwa ndipo mukuona kuti chigamulo kapena chilango sichili bwino, pali apilo ku khoti lalikulu, koma chidziwitso choti mukufuna kuchita apilo chimayenera kuperekedwa m'masiku 10, ndiye musadikire kuti mulire kaye mwezi wathunthu, a kundende ndi maparaligo amathandiza kulemba. Zilango zina zochokera kwa majisitireti zimakaunikidwanso ndi jaji ngakhale popanda apilo, funsani kwa kalaliki ngati fayilo inatumizidwa. Wosunga mwambo kundende amamuchotserako gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake.

Pomaliza pake, ngati wapolisi anamenya, anadya ndalama, anasowetsa foni imene inasiyidwa pa kauntala kapena anasunga munthu masiku ambirimbiri popanda khoti, kadandauleni. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa Independent Complaints Commission yofufuza madandaulo okhudza apolisi, ngakhale panatenga zaka pafupifupi 10 kuti iyambe ntchito, pano ilipo. Za ziphuphu pitani ku ACB, za kuphwanyiridwa ufulu ku MHRC, kuli Ombudsman, komanso kudzera kwa loya mutha kusumira boma kuti lipereke chipepeso chifukwa chotsekeredwa popanda chifukwa. Ena amati boma sungalimbane nalo, koma amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu amene anachitidwa nkhanza zogwiriridwa ndi apolisi mu October 2019 anapita kukhoti mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi, ndipo mu August 2020 khoti lalikulu linalamula kuti apatsidwe chipepeso. Polemba dandaulo lanu tchulani siteshoni, tsiku, nthawi, dzina kapena nambala ya wapolisiyo, amene anaona, phatikizanipo fotokope ya buku la kuchipatala, pepala la belo ndi zithunzi za mabala, zenizenizo sungani kunyumba, ndipo amene walandira kalatayo akudindireni pa fotokope yanu ya kalatayo ndi kulembapo deti kuti mudzakhale ndi pofunsira mukadzabweranso.